Bambo akukana kusamba ndiponso akukankha mbale: kodi kuwamvera n'kuwasasatitsa?

Funso: Ndine mayi wa zaka 41, ndimagwira ntchito ku Lilongwe koma kwathu ndi ku Mchinji, kufupi ndi Kamwendo. Bambo anga, a zaka 76, anadwala sitiroko miyezi isanu yapitayo ndipo anafa ziwalo mbali ya kumanja. Kuyankhula nakonso kumawavuta. Atatuluka m'chipatala tinawagulira matiresi, matewera ndi phala la Likuni, ndipo tinalemba mtsikana woti azithandizana ndi mayi athu, amene nawonso ndi okalamba. Koma bambo akukana kusamba, amakankha mbale, ndipo tsiku lina anamugenda mtsikanayo ndi kapu. Namwino wina anandiuza kuti tiyese chisamaliro choika munthu patsogolo, osati matenda ake. Kodi zimenezi zikutanthauza chiyani? Kumeneku si kusasatitsa wodwala?

Yankho: Mayi, pepani ndi matendawa. Kalata yanu ndaiwerenga kawiri, ndipo ndaona kuti mwatchula matiresi, matewera, phala ndi mtsikana wantchito, zonsezo zinthu zofuna ndalama zimene mwazipeza movutikira, koma simunanene kuti bambo anuwo anali munthu wotani asanagwe ndi matendawa. Simunanene ngati anali mlimi wa fodya, mphunzitsi wopuma, mkulu wa mpingo kapena nyakwawa, ngakhalenso nthawi imene ankasamba, ndiwo imene ankaikonda ndi anthu amene ankacheza nawo madzulo. Sindikukuimbani mlandu ayi, pakuti mabanja ambiri amene ndakumana nawo pa ntchito yanga yoyendera odwala m'makomo amafotokoza chimodzimodzi: matenda akalowa m'nyumba, aliyense amayamba kuona mkono wakufa, mkodzo ndi mankhwala, mwini wake wa thupilo n'kuiwalika. Zimene ankanena namwino uja n'zakuti pokonza chisamaliro, poyambira pakhale moyo wa bambo anu, chizolowezi chawo ndi zofuna zawo, ndipo ntchito zonse za kusambitsa, kudyetsa ndi kumwetsa mankhwala zikonzedwe motsatira zimenezo, iwo eni ake ali pomwepo ndipo akufunsidwa. Ndiye funso loyamba ndi ili: pamene munkagwirizana zolemba mtsikanayo, kodi bambo anafunsidwa?

Tisanapite patali, pali ntchito ya chipatala imene siyenera kudumphidwa, chifukwa munthu wovutika kuyankhula amasonyeza ululu pokana zinthu. Phewa la mbali yakufayo limapweteka kwambiri mwa odwala sitiroko ambiri, makamaka ngati owasamalira amawadzutsa powakoka mkono umenewo, moti munthu akhoza kukana kusamba chifukwa choopa kuvulidwa malaya basi. Kudzimbidwa, zilonda za m'kamwa, dzino lobooka ndi matenda a m'njira ya mkodzo zonsezi zimachotsa chilakolako cha chakudya ndipo zimakwiyitsa munthu. Palinso matenda a kukhumudwa, amene amagwira pafupifupi munthu mmodzi mwa atatu alionse amene anadwala sitiroko, ndipo ali ndi chithandizo chake. Sitiroko payokha imathanso kusintha mtima wa munthu, n'kumalira kapena kupsa mtima pa zinthu zazing'ono. Choncho pitani nawo ku chipatala cha boma ku Mchinji kapena chipatala chimene chili pafupi nanu, mutenge kabuku kawo ka kuchipatala, ndipo muwafotokozere achipatala kuti kukanaku kunayamba liti. Ngati bambo asokonezeka mutu mwadzidzidzi, atentha thupi, akupuma movutikira, kapena nkhope yapotokanso, musadikire tsiku limene anauzidwa kuti abwerere kuchipatala, pitani nthawi yomweyo.

Maganizo oika munthu patsogolo ali ndi mbiri yake. Katswiri wa za maganizo wa ku America, Carl Rogers, anayamba kuphunzitsa m'zaka za m'ma 1940 ndi 1950 kuti munthu wofuna thandizo amaudziwa moyo wake kuposa womuthandizayo. Patapita zaka, Tom Kitwood wa pa yunivesite ya Bradford ku England anatengera maganizo amenewa ku chisamaliro cha okalamba odwala matenda oiwalaiwala, ndipo m'chaka cha 1997 anandandalika njira 17 zimene osamalira odwala amachepetsera wodwala popanda cholinga choipa chilichonse. Zina mwa izo ndi kumutenga ngati mwana, kumuchitira zinthu zimene akanatha yekha, kumufulumizitsa, ndiponso kukamba za iye ngati kuti palibe pomwepo. M'chaka cha 2016 mayiko a m'bungwe loona za umoyo padziko lonse la World Health Organization anagwirizana kuti ntchito zaumoyo zizikonzedwa potsata zosowa za anthu, osati potsata matenda okha. Kuno kwathu chisamaliro cha m'makomo chinakula m'zaka za m'ma 1990, pamene Edzi inadzaza zipatala ndipo mipingo ndi magulu a anthu odzipereka anayamba kuyendera odwala m'midzi, ma ARV aulere asanayambe mu 2004. Amene anagwira ntchito imeneyo anaona okha kuti wodwala amene akulemekezedwa amalandira chakudya ndi mankhwala mosavuta kusiyana ndi amene akungotembenuzidwa ngati thumba la chimanga.

Chikhalidwe chathu chili ndi mbali ziwiri pa nkhaniyi. Timadziwa kuzonda odwala, kugona pa matenda ndi kusonkha ufa, ndipo zimenezi n'zamtengo wapatali. Koma tilinso ndi chizolowezi chochitira wodwala upo kuseri kwa nyumba, kumubisira zimene adokotala anena poti angadandaule, ndi kumuyankhira alendo akamulonjera. Timanena kuti akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto, koma mkulu uja akagona pamphasa timasiya kubwera naye moto woti auzime. Munthu amene kwa zaka makumi asanu ankagamula za munda, za sukulu ya ana ndi za maukwati, lero akudzutsidwa, kuvulidwa, kudyetsedwa ndi kugonekedwa pa nthawi imene ena afuna. Chinthu chokha chimene chatsala m'manja mwake ndi kukana. Ineyo ndikamva kuti madala akukankha mbale, nthawi zambiri sindiona liuma, ndimaona munthu amene akugwiritsa ntchito mphamvu yomaliza imene wasiyiridwa.

Tiyeni tikambe za kusamba, pakuti ndi pamene pagona nkhani yaikulu m'kalata yanu. Pa mwambo wathu, bambo wa zaka 76 savula pamaso pa mtsikana amene si mkazi wake, ndipo ngakhale inu mwana wawo wamkazi simungawaone umaliseche popanda nonse awiri kuchita manyazi aakulu. Kapu ija ndikuganiza kuti inaponyedwa pa chifukwa chimenechi. Afunseni bambo kuti akufuna aziwasambitsa ndani, ndipo muwatchulire mayina mmodzimmodzi: mayi anu, mchimwene wanu ngati alipo, mng'ono wawo, mwana wa mlongo wawo, kapena bambo wina wa mu mpingo amene amagwirizana naye. Ngati bambo ali pachikamwini, monga zimakhalira m'midzi yambiri ya Achewa, dziwani kuti abale awo enieni ali kumudzi kwina, ndipo munthu amene ulemu wake pamudzipo unkachokera m'khasu ndi m'nyumba zimene anamanga amayamba kudziona ngati mlendo wolemetsa akangofooka. Kutuma uthenga kwawo kuti kubwere mwamuna mmodzi, ngakhale kawiri pa sabata, kumathetsa zinthu ziwiri nthawi imodzi: manyazi a kubafa ndi kusungulumwa. Mtsikanayo atha kumatunga madzi, kuwatenthetsa ndi kuchapa, osalowa kubafako.

Nthawi yosambira nayonso muiganizire. Ngati bambo anali mlimi, dziwani kuti mlimi sasamba mbandakucha, amasamba akaweruka kumunda. Ngati mtsikana amafuna kumaliza ntchito zonse m'mamawa, ndiye kuti bambo akuvulidwa dzuwa lisanatenthe, ndipo inu mukudziwa mmene kumazizirira ku Mchinji mu June ndi July. Funsani mayi anu za chizolowezi cha kale ndipo mubwerere ku chimenecho. Ikani benchi yolimba kubafa kuti azisamba atakhala, madzi ayesedwe ndi dzanja la wosambitsa popeza mbali yakufayo siimva bwino kutentha ndipo ikhoza kupsa iwo osazindikira, chitenje chiphimbe pachiuno, ndipo dzanja lawo lamanzere lipatsidwe sopo ndi kansalu kuti asambe okha nkhope, chifuwa ndi kumaliseche, wothandizayo angotsuka kumsana ndi kumiyendo. Povala, yambani ndi mkono wakufawo, ndipo povula muthere umenewo. Zimenezi zimatenga nthawi yaitali kuposa kungowasambitsa, koma kusamba kotereku ndi mafizo kale, ndiko kuti zolimbitsa thupi zothandiza ziwalo kuyambanso kugwira ntchito. Komanso sikofunikira kuti munthu asambe thupi lonse tsiku lililonse. Chimene sichiyenera kuphonyedwa ndi kutsuka ndi kuumitsa malo amene akhudzidwa ndi mkodzo kapena chimbudzi.

Pa matewera ndili ndi mawu olimba pang'ono. Odwala sitiroko ambiri amamva ndithu akafuna kutaya madzi, kungoti sangathe kunena msanga kapena kuyenda msanga, ndipo amavekedwa thewera chifukwa n'zimene zikupeputsa ntchito ya owasamalira. Kwa bambo wamkulu, kuvekedwa thewera pamene akanatha kudzithandiza n'kunyozeka kosaneneka. Yesani kaye kuika kachigubu kotsegula pakamwa pafupi ndi dzanja lawo lamanzere, kuboola mpando wakale n'kuika ndowa pansi pake, kuwapatsa belu kapena supuni yogogodera pa mbale kuti aziitanira, ndi kuwafunsa pakapita maola awiri kapena atatu alionse. Ngati pakati pa mankhwala awo a BP pali aja okodzetsa, amwe m'mamawa kuti asamavutike usiku. Zikakanika, thewera ligwiritsidwe ntchito usiku kapena paulendo, iwo atauzidwa chifukwa chake, ndipo lisamatchulidwe pamaso pa alendo kapena kuyanikidwa poonekera.

Za chakudya, phala la Likuni ndi labwino ndipo lili ndi zofunika m'thupi, koma taganizirani munthu amene wadzaza nkhokwe moyo wake wonse akupatsidwa phala m'mawa, masana ndi madzulo, chakudya chimene iye amachidziwa ngati cha ana a kusikelo. Ndikukumbukira agogo ena aamuna m'mudzi wina wa m'boma la Kasungu amene anatha pafupifupi sabata akulavula chilichonse, achibale n'kumati akufuna kufa. Titakhala nawo pansi tinapeza kuti ankadyetsedwa ndi supuni m'kambale kapulasitiki ka mdzukulu wawo, ali okha m'chipinda, pamene anzawo onse ankadyera pakhonde. Atabwezeredwa mbale yawo yachitsulo ndi malo awo pamkeka, anadya. Pali chinthu chinanso chimene anthu saganizira: kwathu kuno kudya ndi dzanja lamanzere n'kochititsa manyazi, ndipo bambo anu dzanja lamanja ndi limene lafa. Ena amasankha njala kusiyana ndi kuoneka akutema nsima ndi lamanzere kapena kudyetsedwa ngati khanda. Wina wamkulu m'banjamo awauze poyera kuti palibe amene adzawaseke, ndipo afunsidwe ngati akufuna kudya ndi anthu kapena paokha mpaka atazolowera.

Apa pakufunika kusamala, chifukwa sitiroko imawononganso kameza. Ngati bambo amatsokomola kapena kutsamwa pakudya, mawu awo n'kumamveka ngati muli madzi pakhosi akangomwa, kapena chakudya chimatsalira m'tsaya la mbali yakufayo, auzeni achipatala, popeza chakudya cholowa m'mapapo chimayambitsa chibayo chimene chimapha odwala sitiroko ambiri. Asadye chogona. Akhale tsonga, mutu utaweramira kutsogolo pang'ono, adye pang'onopang'ono, ndipo akhalebe tsonga kwa mphindi 30 akamaliza. Madzi ndi tiyi zimatsamwitsa msanga kuposa zakumwa zokhuthala. M'malire amenewa muli zakudya zambiri za munthu wamkulu zoti asankhepo: nsima yofewa yothira msuzi, nkhwani wotendera wophikidwa mpaka kufewa, mazira, nyemba zophwanya, futali wa mbatata, nthochi zakupsa, mapeyala, nsomba yochotsedwa minga bwinobwino. Mtedza wokazinga ndi chimanga chokazinga zikhale kaye pambali. Mchere uchepetsedwe chifukwa cha BP, koma usachotsedweretu mpaka ndiwo kusanduka madzi. Malangizo a World Health Organization ndi akuti munthu wamkulu asapitirire magalamu 5 pa tsiku, omwe ndi pafupifupi supuni yaing'ono imodzi, ndipo ndi bwino banja lonse lidye motero kuti bambo asamaphikiridwe mphika wawokha ngati wolangidwa.

Mwina mukufunsa kuti munthu wosatha kuyankhula bwino angafunsidwe bwanji. Mbali ya kumanzere ya ubongo ndi imene imayendetsa ziwalo za kumanja, ndipo mwa anthu ambiri ndi imenenso imasunga chiyankhulo, n'chifukwa chake mavuto awiriwa abwera limodzi. Kusowa mawu sikutanthauza kuti nzeru zatha, ndipo si ugonthi, choncho kukuwa sikuthandiza. Khalani pansi moyang'anizana nawo, wailesi itazimitsidwa, ayankhule munthu mmodzi. Funsani chinthu chimodzi nthawi imodzi, choti ayankhe ndi mutu kapena ndi dzanja, ndipo pamene zingatheke aonetseni zinthu ziwiri kuti aloze, monga malaya awiri kapena ndiwo ziwiri. Dikirani yankho ngakhale litachedwa, osawamalizira mawu. Ena amasokoneza "inde" ndi "ayi", choncho funsaninso mwa njira ina kuti mutsimikize. Mudzadabwa kuona kuti ambiri amene sangathe kutchula dzina la mkazi wawo amatha kuimba nyimbo ya kutchalitchi yonse kapena kunena pemphero limene analoweza ali ana, ndipo kuimba nawo madzulo kumawapatsa mpata womvanso mawu awo akutuluka bwino. Ndipo chonde aitaneni monga ankaitanidwira kale, ndi dzina la mfunda wawo ngati ndi limene ankalemekezedwa nalo, osati "odwala" kapena "agogo" ngati sanazolowere kutero.

Chisamaliro sichithera m'chipinda. Bambo anu akadali mutu wa banja, ndipo nyengo ya dzinja ikamayandikira afunsidwe kuti munda uti ubzalidwe chimanga, uti mtedza kapena soya, ndiponso ngati mbuzi igulitsidwe pogulira feteleza. Mbewu iwafikire pamkeka aione ndi kuigwira. Foni yawo ndi ndalama zawo zisalandidwe mwakachetechete. Ngati pali wina wowasungira, asankhe okha, ndipo aziuzidwa zimene zalowa ndi zimene zatuluka. Izi zikukhudzanso mabanja amene amalandira Mtukula Pakhomo, ndondomeko imene inayambira kwanu komweko ku Mchinji mu 2006: ndalama zimene zabwera m'dzina la okalamba si zoti achibale azigawana kumsika mwini wake osadziwa. Atulutseni pakhonde tsiku lililonse kuti aziona anthu odutsa ndi kulonjeredwa. Anzawo a bawo abwere ndi bawolo, pakuti dzanja limodzi likwanira. Amayi a Chigwirizano, a mphakati kapena a Dorika, malinga ndi mpingo wanu, akabwera kudzapemphera aziyankhula ndi bambowo, osamangofunsa mayi anu kuti agona bwanji. Koma nawo alendo akhale amene iwo akuwafuna, chifukwa pali odwala ena amene amatopa ndi gulu lodzawaonerera.

Tsopano ndiyankhe funso lanu lomaliza, loti kodi uku si kusasatitsa. Ayi, koma malire alipo, ndipo ndikanakhala wabodza ndikanati chilichonse chimene wodwala wafuna chichitike. Pali zinthu zimene kuzisiya kumabweretsa ngozi yaikulu. Mankhwala a BP akasiyidwa, sitiroko yachiwiri imakhala pafupi. Munthu amene sangathe kudzitembenuza yekha akagona mbali imodzi nthawi yaitali amatuluka zilonda pamatako, m'chiuno ndi ku zidendene, zilonda zozama zimene zimavuta kupola, n'chifukwa chake amafunika kutembenuzidwa pakapita maola awiri alionse ndipo khungu lake liziyang'anidwa tsiku ndi tsiku. Malo ofiira kapena akuda kuposa khungu lozungulira, amene sakubwerera mwakale, ndi chenjezo. Pa zinthu zoterezi simungangoti akana basi. Koma ngakhale apa njira yake si kuwagwira manja kapena kubisa mapiritsi m'phala, chifukwa akadzazindikira adzasiya kukhulupirira chakudya chilichonse cha m'nyumbamo. Auzeni zoona zake za chimene chingachitike, funsani chimene chikuwavuta pa mankhwalawo, kaya ndi chizungulire, kukodza pafupipafupi kapena kukula kwa piritsi, ndipo mukawafotokozere achipatala, amene angathe kusintha mtundu kapena nthawi yomwera. Apatseni mpata wosankha mkati mwa chinthu chofunikacho: atembenukire mbali iti poyamba, amwe ndi chiyani, awapatse ndani. Akakana tsopano, bwererani pakapita kanthawi.

Pali zina zimene ndi za iwo eni ngakhale zili ndi chiopsezo. Bambo akafuna kuyesa kuyenda mpaka kukhola ndi ndodo, mantha a banja amati akhale pansi angagwe. Koma munthu woletsedwa kuyenda amafooka miyendo, mfundo zimauma, ndipo tsiku limene adzayese yekha kopanda womuona ndi limene adzagwe. Chotsani miyala ndi zingwe panjira, avale nsapato zogwira chidendene osati patapata, wina ayende ku mbali yakufayo atagwira m'chiuno osati mkono, ndipo apite. Gawo 19 la malamulo aakulu a dziko lino limanena kuti ulemu wa munthu aliyense suyenera kuphwanyidwa, ndipo silinapatule odwala. Munthu wamkulu amene akumvetsa zimene wauzidwa ali ndi ufulu wosankha ngakhale zimene ana ake sakugwirizana nazo. Chimodzimodzi pa mapemphero ndi mankhwala achikuda: chikhulupiriro chawo chilemekezedwe, malinga ngati sakusiya mankhwala a kuchipatala, ndipo achipatala auzidwe zimene akumwa. Chimene sindingavomereze m'pang'ono pomwe ndi kufunafuna amene wawalodza, chifukwa chala chimathera pa mkazi wokalamba, mwinanso mayi anu omwe. Sitiroko imabwera mtsempha wa magazi wa mu ubongo ukatsekeka kapena kuphulika, ndipo BP yosasamalidwa ndiye gwero lake lalikulu. Kunena munthu kuti ndi mfiti ndi mlandu pansi pa lamulo la 1911, ndipo mu 2024 Nyumba ya Malamulo inavomerezanso lamulo loteteza anthu okalamba.

Mtsikana uja nayenso ndi munthu, ndipo kugendedwa ndi kapu si mbali ya ntchito yake. Bambo auzidwe mwaulemu, ndi munthu amene amamumvera, kuti zimenezo zisachitikenso, ndipo mtsikanayo apepesedwe. Ndikhulupirira kuti si mwana woyenera kukhala pasukulu. Aphunzitsidwe kadzutsidwe koyenera ka wodwala kuti asathyoke msana, akhale ndi tsiku lopuma, ndipo alipidwe pa nthawi yake. Koma amene ndikuwadera nkhawa kwambiri ndi mayi anu. M'makomo ambiri amene ndayendamo, mkazi wokalamba ndi amene amadzuka usiku wonse, osadandaula chifukwa choopa kunenedwa kuti watopa ndi mwamuna wake, mpaka iyenso kugwa. Afunseni paokha zimene angathe ndi zimene sangathe, ayezetse BP nawonso, ndipo achibale agawane masiku ogona pamatendapo, aliyense adziwe tsiku lake. Mayi anu azipitabe kutchalitchi, kumaliro ndi ku banki m'khonde ngati ali m'gulu.

Thandizo la kunja kwa banja liliponso, ngakhale kuti silifika lokha pakhomo. Mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lanu adziwitsidwe kuti m'nyumbamo muli wodwala wotere, ndipo iye angakulumikizeni ndi anthu odzipereka oyendera odwala ngati alipo kumeneko. Funsani kuchipatala za mafizo, ndipo amene amakhala ndi bambo tsiku ndi tsiku ndi amene apite nawo kuti akaphunzire zochita kunyumba. Kusintha kwakukulu kumaoneka m'miyezi yoyambirira, koma munthu amapitirizabe kuphunzira kuchita zinthu ngakhale patapita chaka. Wophunzitsa mafizoyo muuzeni chimene bambo akulakalaka, kaya ndi kufika okha kuchimbudzi kapena kukakhala pa benchi ya kutchalitchi, chifukwa munthu amalimbikira zolimbitsa thupi zimene akuona kumene zikumutengera. Bungwe la Malawi Against Physical Disabilities, lodziwika kuti MAP, limagwira ntchito yothandiza anthu olumala ziwalo, ndipo achipatala angakuuzeni mmene mungapezere njinga ya olumala kapena ndodo yoyenera. Ululu ukakhala wosatha, funsani za gawo la chisamaliro chochepetsa ululu, chimene si cha odwala khansa okha kapena a kumapeto kwa moyo okha. Pa mafunso ang'onoang'ono pali Chipatala Cha Pa Foni.

Inuyo muli ku Lilongwe, ndipo ndikudziwa kuti kutumiza ndalama pa foni ndi njira imene mumasonyezera chikondi pamene simungathe kukhalapo. Pitirizani, koma mukaimba foni musamathere pa kufunsa mayi anu kuti bambo adya kapena ayi. Pemphani kuti foniyo aiike pakhutu pawo, muwauze za kuntchito kwanu ndi za adzukulu awo, ndipo muwafunse maganizo pa nkhani inayake yeniyeni, ngakhale yankho litakhala liwu limodzi. Mukapita kumudzi, gulani kope la sukulu, mukhale pansi ndi bambo ndi mayi, ndipo pa tsamba loyamba mulembe zimene bambo avomereza: dzina limene akufuna kuitanidwa nalo, nthawi yodzuka ndi yosamba, wowasambitsa, zakudya zimene amakonda ndi zimene zimawatsamwitsa, chizindikiro chimene amapereka akafuna kuchimbudzi kapena akamva ululu, alendo amene akuwafuna, ndi chinthu chimodzi chimene akufuna kudzachitanso okha. Masamba otsatirawo akhale a mankhwala, a BP ikayezedwa, ndi a zimene zaoneka pakhungu. Aliyense wobwera kudzathandiza awerenge kapena awerengeredwe tsamba loyambalo asanawakhudze, ndipo pakatha mwezi mulionenso pamodzi, popeza zimene munthu akufuna mu June si zimene adzafune mu October kukatentha.

Pa ulendo woyambawo musayese kukonza zonse. Yambani ndi nkhani ya kubafa, ndipo muifunse inu nokha muli awiri, mtsikana ndi alendo atatuluka. Mwina bambo sadzayankha tsiku limenelo, mwinanso adzalira kapena kutembenukira kukhoma, pakuti patha miyezi isanu chiwafunsireni chinthu chotere. Zikatero musawakakamize. Auzeni kuti lero sasambitsidwa ndi wina aliyense amene sakumufuna, mupukute nkhope ndi manja okha ngati alola, ndipo mufunsenso mawa lake dzuwa likapendeka, pa nthawi imene ankabwera kuchokera kumunda.